Manambala athu a OCT sakugwirizana ndi a labu inzathu

Wofunsa:
Anzanga, ndithandizeni nzeru. Tikuchita kafukufuku wa EAE (matenda oyambitsidwa dala, ofanana ndi multiple sclerosis ya anthu) pa mbewa mogwirizana ndi labu ina, ndipo zotsatira za OCT (njira yojambulira magawo a mkati mwa diso n'kuyeza kuchindikala kwake) timafuna zilowe mu pepala limodzi. Vuto ndi loti ngakhale mbewa zabwinobwino, zomwe sitinazibaye MOG (puloteni yoyambitsira EAE), zikupereka manambala osiyana. Kwathu retina (gawo la kumbuyo m'kati mwa diso lolandira kuwala) ikutuluka yochindikala, kwawo yopyapyala, ndipo zithunzi zawo zina zili ndi timadontho toyera cha kumunsi kwa diso. Tonse tinalemba chimodzimodzi, kuti tinajambula mbewa za mtundu wa C57BL/6 titazigonetsa. Ndiyambire pati?

Wosamalira mbewa:
Achemwali, musanakhudze makina, afunseni chilembo chomwe chimatsatira 6 pa dzina la mtunduwo. Ndi J kapena N? Mu 2012 zinadziwika kuti C57BL/6N imanyamula rd8, chilema cha jini ya Crb1, pamene 6J ilibe. Timadontho mukunenato, komanso malo ake kumunsiko, ndi mmene rd8 imaonekera. Mbewa zambiri za knockout (zomwe anazichotsa jini ina mwadala) zinachokera ku maselo a 6N, choncho chilemachi chimalowa popanda wodziwa. Tengani kachidutswa ka khutu mupange PCR yoyeza jiniyo. Amene muli ndi mbewa za mtundu wa FVB/N kapena C3H musaiwalenso chilema china, rd1, yomwe imamaliza ma rod (maselo oonera mumdima) mbewa isanathe mwezi.

Wojambula:
Zimenezo n'zoona, koma ine mtima wanga uli pa makinawo. Nonse mukugwiritsa ntchito amodzi? Makina a Spectralis anawapangira diso la munthu, lotalika mamilimita pafupifupi 24, pomwe la mbewa limangopitirira 3 pang'ono. Mukawonjezera lenzi kutsogolo chithunzi chimabwera bwino, koma mamilimita omwe pulogalamu imasonyeza mopingasa si enieni. Ndiye wina akalemba kuti anayeza pa mtunda wakutiwakuti, osatchula makina ndi lenzi, ine sindidziwa pomwe anayeza.

Ndipo malowo ndi nkhani yaikulu. Mbewa ilibe fovea (malo a pa retina oonera bwino kwambiri), choncho tonse timaloza pa mutu wa mtsempha wa diso. Mukayandikira kwambiri mukumana ndi mitsempha ya magazi ikuluikulu ndi RNFL (gawo la ulusi wa minyewa pa retina) yokhuthala, mukatalikira manambala amatsika. Funsaninso malire a retina omwe akuyezerapo. Kodi mzere wakunja akuwuika pamwamba pa RPE (gawo lakunja kwenikweni la retina) kapena pansi pake? Nanga zamkati? RNFL ya mbewa ndi yopyapyala kwambiri moti ambiri timaiphatikiza ndi magawo oyandikana nayo a GCL ndi IPL, koma ena amaichotsamo, dzina n'kusiya lomwelo.

Chinanso chimene chinandipweteka ine ndi nthawi. Ndi mankhwala ogonetsa a ketamine ndi xylazine mbewa siphethira, diso limauma, thupi limazizira, lenzi ya m'diso n'kuyera ngati ng'ala. Ikadzuka zimatha, koma chithunzi chawonongeka kale. Ndinataya ntchito ya miyezi chifukwa nthawi zonse ndinkayamba ndi diso lamanja, lamanzere n'kumajambulidwa litachita chifunga. Tsopano ndimalemba mphindi kuchokera pomwe ndabaya, diso lomwe ndayamba nalo, madontho otanula diso monga tropicamide, ndiponso ngati mbewa inali pa chofunditsa.

Wowerengetsa:
Pepani ndilowererepo. Maso awiri a mbewa imodzi si mbewa ziwiri. Mukawawerenga padera popanda mixed model kapena GEE (njira zowerengera zomwe zimaganizira kuti masowo ndi a mbewa imodzi), kusiyana kochepa kumaoneka kotsimikizika pomwe sikuli. Nenaninso zithunzi zingati munataya, chifukwa chake, komanso ngati wokonza mizere pamanja ankadziwa gulu la mbewayo. ARRIVE 2.0 ya 2020, ndondomeko yolembera kafukufuku wa pa nyama, imafunsa kale mtundu, zaka, kaya yaimuna kapena yaikazi, ndi kubisa magulu. Za OCT penipeni bwerekani ku APOSTEL, ndondomeko yolembera zotsatira za OCT ya 2016 yomwe anaikonzanso mu 2021. Ija ndi ya anthu, choncho zogonetsa ndi mtundu wa mbewa muwonjezere nokha.

Wofunsa:
Zikomo akuluakulu. Koma zonsezi zikwana mu gawo la njira? Magazini yatipatsa mawu owerengeka.

Wojambula:
Ikani tebulo mu zowonjezera za pepalalo. Chachikulu n'choti fomu yolembapo zonsezi ikhale pambali pa makina, izidzazidwa mbewa ikadali chigonere. Zokumbukira pakatha chaka sizidalirika.

Wofunsa:
Ndabweranso. Awona makalata ogulira mbewa, zawo ndi 6N, zathu 6J. Mzere wakunja nawonso timauika posiyana, iwo pamwamba pa RPE, ife pansi. Mizereyo tikonzanso pa zithunzi zomwezo, munthu mmodzi wosadziwa magulu ndiye agwire ntchitoyo. Za 6N zikundiwawa, chifukwa ndi ntchito yambiri ya anzathuwo, koma tagwirizana kuti sitiphatikiza magulu awiriwa mpaka PCR ituluke. Achimwene ojambula, mungandiponyere fomu yanu ija kuti tonse tiyambe nayo Lolemba?

Wojambula:
Ndiponya madzulo ano. Mzere wa mtundu wa mbewa mulibemo, ndiwuwonjezera kaye pamwamba penipeni.