Lupanga likumira pa baji ya 18th Military Police Brigade

Wofunsa: Akuluakulu, thandizeni. Pali oda ya mabaji 20 a zovala za sewero, apaphewa a 18th Military Police Brigade ya asilikali a ku America. Lupanga lobiriwira likumira mu ulusi wachikasu, ndipo baji ikachoka pa felemu ikukwinyika. Vuto lili pati?

Wa makina ku Limbe: Achimwene, yambani mwamvetsa chithunzicho. Chishango n'chobiriwira, mkombero wachikasu, imeneyi ndiyo mitundu imene apolisi a asilikali a dzikolo amadziwika nayo. Pakati pali fasces, mtolo wa ndodo womangidwa pamodzi ndi nkhwangwa, umene ku Roma wakale unkanyamulidwa patsogolo pa oweruza kusonyeza ulamuliro. Lupanga pamwamba pake ndi usilikali. Zonse pamodzi zikunena lamulo pakati pa asilikali, choncho lupanga likamira, baji yataya theka la tanthauzo lake.

Likumira chifukwa ulusi wake ukuyenda mbali imodzi ndi wa mtolo, ndiye ukulowa m'mipata. Mtolo usokedwe ndi tatami (msoko wa timizere tifupitifupi todzaza malo) mopendekeka madigiri 45, lupanga ndi satin (msoko wosalala wa ulusi wogundizana) yodutsa chopingasa, pansi pake muike underlay (msoko wa maziko) ya mzere umodzi pakati. Lisachepere mamilimita 1.5 m'lifupi, ndipo onjezani pull compensation (kukulitsako m'lifupi pang'ono) ya mamilimita 0.2, poti satin imakoka n'kuonda.

Mayi wa digitizing (kukonza chithunzi pa kompyuta kuti makina asoke): Zoona bambo. Kukwinyikako ndi ulusi wochuluka. Musadzaze chishango chonse ndi ulusi. Gulani nsalu ya twill yobiriwira kale, musoke zachikasu ndi lupanga basi. Pansi ikani cholimbitsira chodula ndi lumo (cut-away), osati chong'amba ndi manja (tear-away), chimene chimang'ambika ntchito ili mkati. Nsalu ikhale yolimba pa felemu koma osaikoka. Ulusi polyester nambala 40, singano 75/11, mpata wa mizere mamilimita 0.4. Yambirani pakati, mkombero pomaliza.

Wofunsa: Nanga mkombero, ndipite nawo ku merrow, makina okulunga m'mphepete aja?

Wa makina ku Limbe: Merrow imavuta pa nsonga ya chishango, imasiya chotupa. Ngati woyendetsa sanazolowere, sokani satin ya mamilimita 3, mudule ndi mpeni wotentha kuti ulusi usasomphoke.

Mayi wa digitizing: Funsaninso seweroli ndi la nthawi iti. Gululi linapita ku Vietnam mu 1966, ndipo pa yunifolomu yakunkhondo ankavalanso baji yosawala, ya olive ndi yakuda. Ya velcro ndi ya zaka za m'ma 2000, musaiike pa chovala cha nthawi ya Vietnam. Sokani imodzi kaye, aione eni oda.