Ophunzira a digiri ya Chingerezi akulemba malipoti ngati zimangirizo

Mphunzitsi wa kalembedwe ka kuntchito:
Akuluakulu anzanga, ndikupempha nzeru pa vuto lomwe landisowetsa mtendere semesita ino. Ndikuphunzitsa kosi ya kalembedwe ka kuntchito kwa ophunzira a digiri ya Chingerezi a chaka chachitatu, ndipo ambiri mwa iwo amasanthula ndakatulo ndi nthano mochititsa kaso. Koma ndikawauza kuti alembe lipoti kapena memo (kalata yaifupi ya mu ofesi), amandibweretsera chimangirizo. Ndime yoyamba imalongosola mbiri ya nkhaniyo, yachiwiri imatanthauzira mawu, ndipo chomwe akufuna kuti wowerenga achite chimadzatulukira pa tsamba lomaliza. Pochonga ndimasowa pogwira, chifukwa galamala ndi yolondola ndipo mfundo zonse zilimo. Kodi ndiwachotsere malikisi pa chifukwa chiti, nanga ndiwawongole bwanji?

Mkonzi wa nkhani:
Mayi, ine ndikuona kuti vuto lili pa funso lomwe mumawapatsa. Wophunzira amadziwa kuti wowerenga wake ndinu, ndipo kwa zaka ziwiri wazolowera kuti mphunzitsi amafuna umboni woti iye wawerenga, choncho amaunjika umboniwo poyamba n'kusunga chigamulo chake mpaka kumapeto. Kuntchito palibe amene amawerenga kuti akuyeseni nzeru. Bwana amatsegula lipoti ali ndi msonkhano womudikira, ndipo akufuna kudziwa chomwe chachitika, ndalama zomwe zikufunika ndi tsiku loti ayankhe. Ife atolankhani timaika mfundo yaikulu m'ndime yoyamba, zotsalazo n'kumatsatana malinga ndi kufunika kwake, kuti nkhani ikadulidwa kumunsi isawonongeke. Yesani kung'amba tsamba lomaliza la lipoti la wophunzira pamaso pake, kenako mumufunse ngati bwana angathe kuchitapo kanthu ndi zomwe zatsalazo.

Mphunzitsi wa zolembalemba:
Ndikuvomereza zambiri zomwe a mkonzi anena, koma ndikuopa kuti tingawauze anawa kuti zomwe aphunzira m'makalasi athu ndi zachabe, pamene si choncho. Munthu amene amatha kuona chifukwa chomwe mlakatuli wasankhira liwu ili n'kusiya linalo ndi yemweyo amene angazindikire kuti chiganizo chonena kuti zipangizo zinaonongeka chabisa yemwe anaziononga. Luso ali nalo kale, kungoti sanauzidwe kuti aliloze pa zolemba zawo zomwe. Komanso musaiwale kuti onsewa analemba chifupikitso pa mayeso a MSCE. Ine ndikanati lipoti lililonse liyambe ndi chifupikitso cha mizere isanu, ndipo chimenecho chikhale ndi malikisi ochuluka kuposa gawo lina lililonse.

Mlembi wa kukhonsolo:
Mundilole ndilankhule ngati munthu amene amalandira ophunzira anu akabwera kudzaphunzira ntchito. Chomwe chimawavuta kwambiri ndi maminitsi a msonkhano. Amalemba kuti uje anati chakuti, wina anatsutsa, wina anadandaula, mpaka masamba kudzaza, koma ukafuna kudziwa yemwe anapatsidwa ntchito yokaona mjigo wowonongeka ndi tsiku loti abweretse yankho, supeza kanthu. Maminitsi abwino amanena chomwe chagwirizanidwa, amene achite ndi tsiku lake, ndipo mkangano umangotchulidwa pamene ukuthandiza kumvetsa chigamulocho.

Mfundo ina ndi yakuti kalata yomwe yalembedwa m'Chingerezi kupita kwa DC imafunikanso m'Chichewa kuti ikawerengedwe kwa mafumu ndi a komiti ya chitukuko cha m'mudzi. Apa ndi pamene mawu okometsera amaonekera poyera kuti ndi mankhusu, chifukwa munthu akalephera kunena mfundo yake m'Chichewa chomveka, nthawi zambiri ndiye kuti ngakhale m'Chingerezimo munalibe mfundo.

Mkonzi wa nkhani:
Pa nkhani ya kachongedwe, Mayi, simukuyenera kuyambira pachabe. M'chaka cha 2023 bungwe loona za miyezo pa dziko lonse la ISO linatulutsa muyezo wa kalembedwe komveka wotchedwa ISO 24495-1, ndipo umaima pa mfundo zinayi: wowerenga apeze zomwe akufunikira, azipeze mosavuta, azimvetse, komanso athe kuzigwiritsa ntchito. Ku America lamulo la Plain Writing Act la 2010 limalamula nthambi za boma kulembera anthu momveka. Mukaonetsa ophunzira zimenezi adzasiya kuganiza kuti kulemba mosazungulira ndi kutsitsa digiri yawo, ndipo mfundo zinayizo zikhoza kukhala mizati ya ndondomeko yanu yoperekera malikisi.

Mphunzitsi wa kalembedwe ka kuntchito:
Zikomo kwambiri nonse. Ndasintha ntchito ya sabata yamawa motere: ophunzira adzalandira mapepala osokonekera a nkhani yongopeka ya sukulu yomwe denga lake lasasuka ndi mphepo, kuphatikizapo mitengo yogulitsira malata yochokera m'mashopu awiri ndi kalata ya makolo, ndipo adzalemba memo ya tsamba limodzi kwa mkulu wa zamaphunziro wa m'boma. Akatha adzasinthana mapepala, ndipo mnzawo adzawerenga kwa mphindi ziwiri zokha, n'kulemba chomwe wapemphedwa kuchita, mtengo wake ndi tsiku lake. Akalephera kuzipeza, malikisi adzachotsedwa kwa wolemba. Gawo la Chichewa ndiliika ngati ntchito ya m'kalasi yopanda malikisi, popeza ena mwa ophunzirawa chiyankhulo chawo choyamba ndi Chitumbuka kapena Chiyao, ndipo aliyense adzagwiritsa ntchito chomwe amachidziwa bwino. Bambo a kukhonsolo, kodi mungatipezere maminitsi akale omwe ndi ololedwa kuonedwa ndi anthu, mutafufuta maina?

Mlembi wa kukhonsolo:
Ndiyamba ndapempha chilolezo kwa akuluakulu anga, Mayi, ndipo akavomera nditumiza awiri, ena olembedwa bwino ndi ena osokonekera, koma sindinena kuti abwino ndi ati kuti ophunzirawo asiyanitse okha.