Anthu osiya ma ARV m'tauni: kabungwe kathu kayambire pati?

Wa ku Area 25: Akuluakulu, tili ndi kabungwe kothandiza anthu omwe ali ndi HIV kuno ku Lilongwe. Ambiri amasiya mankhwala akasamuka nyumba ya lendi kapena akapeza ganyu kutali. Tiwabweze bwanji osawaululira chinsinsi?

Namwino wopuma: Choyamba, musakagogode pakhomo mutavala malaya olembedwa za Edzi. Pa mdadada wa lendi maso ndi ambiri, mawa lake nkhani ili pa mpopi. Yambani ndi foni, ndipo muziyendera okhawo amene anavomera okha kulondoledwa. A Lighthouse, bungwe losamalira anthu omwe ali ndi HIV ku zipatala za Kamuzu Central ndi Bwaila, akhala akulondola odwala kwa zaka zambiri. Kafunseni momwe amachitira. Wosamuka atenge kalata ya transifa ndi buku lake la kuchipatala. Ena amakayezetsanso ngati atsopano poopa kukalipiridwa, zomwe zimasokoneza mbiri yonse ya mankhwala awo.

Kilinisha wa ku Bwalo la Njobvu: Ndiwonjezepo. Munthu amene wasiya kwa miyezi asangoyambanso mabotolo otsala kunyumba, akaonedwe kaye. CD4, muyezo wa chitetezo cha m'thupi, ikakhala pansi pa 200, matenda afika patali: amamuyeza mkodzo kufufuza TB, ndi magazi kufufuza kafangasi kamene kamayambitsa meninjaitisi. Mutu wosaleka, khosi kuuma, chifuwa, kutuluka thukuta usiku, zimenezo sizodikira tsiku la kiliniki.

Pena vuto si kusiya, koma kamwedwe. Piritsi la ma ARV lotchedwa TLD, limodzi patsiku, lili ndi mankhwala a dolutegravir, yemwe sagwirizana ndi mapiritsi a ayironi, a kashiamu, ngakhale a chilungulira. Amwe TLD maola 2 asanamwe amenewa, kapena padutse maola 6 atawamwa. Amene ali pa mankhwala a TB okhala ndi rifampicin amawonjezeredwa dolutegravir wa 50 mg pakadutsa maola 12. Bactrim, yemwe amateteza ku matenda ena obwera chitetezo chikatsika, nayenso asaiwalike, anthu amamuderera.

Mlangizi wa achinyamata: Ndalama zanu zochepazo ikani pa thiransipoti, osati ma T-shirt. Yemwe akumwa bwino afunse za mankhwala a miyezi 6, maulendo achepe. Ndipo musaiwale a kunyumba kwake: mkazi kapena mwamuna amene alibe kachilombo angayambe PrEP, mankhwala opewera kutenga HIV, pomwe kondomu ikaphulika pali PEP, mankhwala opewera a mwadzidzidzi, yoyamba pasanathe maola 72 n'kumwa masiku 28. Ambiri amafika maola 72 atadutsa kale, poganiza kuti Loweruka ndi Lamulungu saziwerengera.