Masilaidi aja tsopano akutuluka bwino

Zikomo nonse amene munayankha funso langa la filimu ya masilaidi ya Ektachrome E100 yomwe inkatuluka yakuda bii ndikaitsuka pakhomo ndi mankhwala a E-6 (otsukira filimu ya masilaidi) a kampani ya Tetenal. Ndinatsata malangizo a achimwene aja amene anati vuto ndi kuzizira kwa kuno ku Dedza, osati mankhwala.

Ananena zoona. First developer (mankhwala oyamba kuthira) akangolowa mu thanki yotsukiramo filimu ili yozizira amatsika pansi pa madigiri Celsius 38, sagwira mokwanira, ndiye chithunzi chimada. Pano ndikumathira madzi a madigiri 39 mu kulabokosi, n'kuviikamo mabotolo a mankhwala, kenako thanki yomwe muli filimu kwa mphindi 5 ndisanayambe. Fulasiki ya madzi otentha imakhala pambali yowonjezera. First developer mphindi 6 ndi masekondi 15, kutsukuluza, colour developer (wotulutsa mitundu) mphindi 6, kutsukuluzanso, blix (wochotsa siliva mu filimu) mphindi 6, kutsukuluza bwinobwino, stabilizer (mankhwala omaliza oteteza filimu) mphindi imodzi.

Mankhwala aliwonse akhale ndi kapu yakeyake. Kadontho ka colour developer kakagwera mu first developer, mitundu imasokonekera. Madzi a pamjigo amasiya timadontho, choncho stabilizer ndimasungunula ndi distilled water (madzi otchezedwa opanda mchere). Filimu ikadali yonyowa imaoneka yambuu, musadandaule, imayera ikauma.