Funso la bokosi pa mtsetse: yankho la pa handout likusemphana ndi langa

Wa ku Chiputula: Aphunzitsi anzanga ndithandizeni, mutu waima. Ndikuchonga homuweki ya ana a chaka choyamba cha engineering amene ndimawathandiza madzulo. Bokosi la 5 kg likutsetsereka pa thabwa lopendekeka madigiri 30, coefficient ya kinetic friction ndi 0.2, pezani acceleration. Ine ndikupeza 3.2 m/s². Handout yomwe abwera nayo ikuti 2.94. Ambiri angokopera 2.94 yomweyo, awiri apeza 7.5, wina wandilembera -10. Ndabwereza kanayi konse, yankho silikusuntha. Mawa 5 koloko ndikumana nawo, ndikawauze chiyani?

Wa ku Katoto: Choyamba akulu, g (acceleration ya chinthu chimene chikugwa chifukwa cha mphamvu yokokera pansi ya dziko) mwatenga 9.8 kapena 10? Nkhani zoterezi zimayambira pamenepo.

Wa ku Chiputula: 9.8, funso lanena lokha.

Madamu a ku Luwinga: Inuyo achimwene mwakhoza, musavutike mtima. Wolemba handout watenga normal force (N, mphamvu imene thabwa limakankhira bokosi) kukhala mg, kulemera konse kwa bokosi (mass kuchulukitsa ndi g), ngati bokosi lili pansi pathyathyathya. Taonani: 9.8 × (0.5 − 0.2) ikupereka 2.94 ndendende. Pa mtsetse thabwa silisenza kulemera konse kwa bokosi. N ndi mg cos 30, yomwe ndi ma newton 42.4, osati 49. Ndiye friction, 0.2 × 42.4, ndi ma newton 8.5. Chokokera bokosi kumunsi ndi mg sin 30, ma newton 24.5. Chotsani friction, zitsala ma newton 16, gawani ndi 5, 3.2 yanu ija ndi imeneyo. Ndipotu 5 kg ija angoiikapo, mass imadzichotsa yokha mu fomula.

Wa ku Katoto: Komabe ine ndikuti muone za g. Ana awa achokera ku sekondale kumene tinawazoloweza 10, akafika kuno amasakaniza.

Madamu a ku Luwinga: Bambo, ndi 10 mupeza 3.27. Kusiyana kwa 9.8 ndi 10 sikungatsitse yankho kufika 2.94.

Wa ku Zolozolo: Awiri a 7.5 aja ndi amene akundidetsa nkhawa ine. Asinthanitsa sin ndi cos. Matenda amenewa amabisala mukamapereka mafunso a madigiri 45, chifukwa apo sin ndi cos n'zofanana, mwana amakhoza asakudziwa chimene wachita. Ndinali ndi mtsikana wina wanzeru kwambiri, teremu yonse akukhoza, tsiku la mayeso anakumana ndi madigiri 20, anatuluka akulira. Kuyambira pamenepo ndimalowa m'kalasi ndi thabwa ndi njerwa. Ndimagoneka thabwa pa desiki, njerwa pamwamba, n'kufunsa: apa chikuikokera kumbali n'chiyani? Palibe. Ndi iti imene imapereka ziro pa madigiri 0? Sin. Kenako ndimatukula mbali imodzi pang'onopang'ono, njerwa ili duu, mpaka igwedezeke n'kutsetsereka. Ngodya imene yayambira kuyenda, tan yake ndiyo coefficient ya static friction. Ana amakhala chete kudikira kuti ithawa liti, ndipo saiwalanso.

Chenjezo: musanathamangire fomula, onani kaye ngati bokosilo lingayende n'komwe. Apa tan 30 ndi 0.577, ndipo funso lanena kale kuti likutsetsereka, palibe vuto. Koma mafunso ena amatchera msampha, bokosi laima, mwana n'kulemba acceleration ya negative ngati likukwera lokha chitunda.

Wa ku Mchengautuwa: Wa -10 uja musamukalipire, tengani kalikuleta yake muione. Ili mu radians, muyeso wina wa ngodya, osati madigiri. Sin 30 ikutuluka -0.988 m'malo mwa 0.5. Pa Casio pamwamba pa sikirini pazioneka ka D ka madigiri, osati R ya radians. Amabwerekana ndi a calculus n'kuiwala kubweza.  

Wa ku Katoto: Zonsezo ndamva. Koma muwauze alembe g pamwamba pa pepala asanayambe chilichonse. Ndaona ana akutaya malikisi chifukwa cha chimenechi.

Madamu a ku Luwinga: Chinanso achimwene, musakanene pamaso pa ana kuti mphunzitsi wawo sadziwa. Mwina wotayipa ndiye anadumpha cos. Wochonga mayeso awo ndi yemweyo, inu simudzakhalako. Ajambule free body diagram, mivi itatu, mg, N ndi friction, alembe sitepe iliyonse ndi ma unit, kenako mmodzi apite nayo mwaulemu kukafunsa.

Wa ku Zolozolo: Ine ndimawakumbutsanso za ku Chiweta, mmene malole amatsikira ndi giya yaikulu mphamvu, mabuleki akununkha. Aliyense wa kuno anadutsapo popita ku Karonga, mg sin θ, mphamvu yokokera kumunsi ija, amaimva m'thupi. Koma musapitirire nacho chitsanzochi, matayala amagudubuzika, satsetsereka, muwasokoneza.

Wa ku Katoto: Handout imeneyo mafunso enawo agwiritsa g iti? Tajambulani tsamba lonse tione.