Zidutswa zasowa m'bokosi la kachombo ka matabwa

Wongoyamba Kumene:
Ndagula bokosi la zidutswa zomangira kachombo kofanizira HMS Victory, chombo chimene chinamenya nkhondo ku Trafalgar mu 1805, koma nditawerenga zonse ndapeza kuti nthiti imodzi ndi timizinga 6 ta mkuwa mulibemo. Kodi ndipitirize kumanga, kapena ndidikire?

Mmisiri wa Timatabwa:
Musamate kalikonse pamsana pa chombocho (thabwa lalitali lapansi limene nthiti zimamatidwapo) nthitiyo isanapezeke, chifukwa nthiti ndizo zimaumba thupi lonse, ndipo ikasowa imodzi timatabwa tokuta kunja kwa chombocho timalowa m'kati pamalopo, cholakwa chimene sandipepa sangathe kuchibisa. Yambani mwayang'ananso m'mapulayiwudi amene zidutswa zinadulidwamo, popeza nthawi zina chidutswa chimakhala chikadali momwemo. Ngati mulibedi, lemberani opanga bokosilo, muwapatse nambala ya chidutswacho monga ilili pamndandanda, pamodzi ndi umboni wakuti munagula.

Wokonda Zombo:
Ine ndinadikira miyezi iwiri osayankhidwa, kenako ndinadzipangira ndekha. Ndinakopera mzere wa nthiti kuchokera papulani, nditatsimikiza kuti pulaniyo ndi yofanana kukula ndi kachomboko, ndipo ndinadula pulayiwudi yochindikala ngati nthiti zinazo. Muzidula kunja pang'ono kwa mzere, ndipo mupale mwapang'onopang'ono uku mukuyeza ndi kathabwa kopyapyala kodutsa panthiti zoyandikana nayo.

Mmisiri wa Timatabwa:
Timizingato tisakudetseni nkhawa, chifukwa timagulitsidwanso patokha. Mungoonetsetsa kuti sikelo yake (kuchepa kwake poyerekeza ndi chinthu chenichenicho) ikufanana ndi ya chombo chanu.