Glock 17 ikundicheka dzanja, ndikulakwitsa pati?

Wa ku Dedza, Midrand:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili pa ntchito ya ulonda wa mfuti (armed response) kuno ku South Africa ndipo kampani inandipatsa pistol ya Glock 17 Gen4. Loweruka tinali ku range pa Regulation 21, mayeso owombera aja a chaka ndi chaka. Nditangowombera zipolopolo ngati 30, chala chapakati chinatupa pamfundo, pomwe chimakhulana ndi trigger guard, kachotchinga kozungulira trigger. Pakati pa chala chachikulu ndi mkombaphala panachekekanso, timagazi mpaka pa malaya. Zipolopolo zomaliza zonse zimagwera kumunsi chakumanzere pa target. Ndinakhoza koma mwamwayi. Ndigule magolovesi kodi?

Madala a CIT (operekeza magalimoto a ndalama):
Magolovesi muwasiye achimwene, tsiku la chipwirikiti simudzapeza mpata wowavala. Ndiyankheni kaye: manja anu ndi otani, ndipo chala chachikulu chakumanzere chimakhala pati mukamawombera?

Wa ku Dedza, Midrand:
Manja ndi a khasu madala, zikhato zonenepa. Chakumanzerecho ndimachipingasa kumbuyo pamwamba pa chinzake, mmene ndinazolowerera pa revolver ya .38.

Madala a CIT:
Chimenecho musiye lero lomwe. Revolver ilibe chobwerera m'mbuyo, koma slide ya pistol, chitsulo chapamwamba chobwerera m'mbuyo mukawombera, ikadzapeza chalacho panjira idzachisenda ngati chinangwa. Zala zazikulu zonse ziloze kutsogolo, chakumanja chigone pamwamba pa chakumanzere.

Tsono vuto lenileni ndikuliona apa. Mukufinya mfuti ndi dzanja lamanja lokha ngati mukupha nkhuku, lamanzere langokhala mlendo. N'chifukwa chake chala chapakati chikudyedwa, ndipo mukamakhethemula zala zonse zimakoka pamodzi, mphuno ya mfuti n'kugwera pansi kumanzere. Lamanja ligwire ngati mukupereka moni kwa apongozi, molimba koma mwaulemu. Kenako onani mpata wotsala kumanzere kwa chogwirira. Pamenepo pakhale chikhato chamanzere chonse, dzanjalo litaweramira kutsogolo, zala zinayi zitakuta zinzake pansi pa trigger guard. Ntchito yofinya ikhale ya limenelo.

Mnyamata wa ku Benoni:
Ine yanga ndinaipala ndi sandpaper pansi pa trigger guard, chala sichinatupenso.

Achemwali a ku armoury (kosungira mfuti):
Yanuyo munagula nokha. Ya kampani mukaipala mudzalipira, mwinanso ntchito kuthera pomwepo. Achimwene a ku Dedza, Gen4 imabwera ndi ma backstrap m'bokosi, tizidutswa tomangirira kumbuyo kwa chogwirira kuti chikule, ena owonjezera 2 mm, ena 4 mm, ndipo pali ena okhala ndi kamchira kophimba mnofu kuti slide isaufike. Kawirikawiri amangogona m'kabati chifukwa palibe amawafunsa. Pemphani a ku armoury kwanu akuikireni wa kamchirayo, ndi kapini kamodzi basi, mphindi ziwiri sizikwana. Manja aakulu pa chogwirira chochepa amapanikizana, ndiye mnofu umakwera.

Ine langa linali losiyana. Ndinaphunzirira pa pistol ya Z88, chogwirira chake chonenepa, timanja tanga sitimafika bwino pa trigger, ndiye ndimapotoza mfuti kuti ndifikire ndipo imandimenya pa fupa la chala chachikulu sabata yonse.

Madala a CIT:
Achemwali anena zoona. Koma musathawe slide potsitsa dzanja, mukatero mfuti idzadumpha kwambiri, ululu n'kusamukira polumikizira dzanja ndi mkono. Likhale pamwamba pomwepo. Yeserani popanda zipolopolo: magazine kunja, chamber (molowa chipolopolo) muyang'ane kawiri ndi maso ndi chala, zipolopolo chipinda china, mfuti iloze kopanda munthu. Mphindi 10 patsiku zikwana. Pachalapo kulungani tepi mpaka papole. Koma zala zikamachita dzanzi usiku, imeneyo si nkhani ya kagwiridwe, kaonaneni ndi dokotala.

Wa ku Dedza, Midrand:
Ndabwerako ku range lero. Andiikira backstrap wa 4 mm wa kamchira, ndawombera 50 popanda bala. Mfundo ija yangofiira pang'ono. Chodabwitsa n'chakuti tsopano lotopa ndi lamanzere. Ziwiri zokha ndi zomwe zathawira pansi, pomwe ndinaiwala n'kuyambanso kupha nkhuku. Dzanzi palibe madala.

Madala a CIT:
Lamanzere likatopa ndiye kuti layamba ntchito. Sabata yamawa mutumize chithunzi cha target.